Amene Anandinyamula M'munda wa Nshawa

Ambuye Yesu atamandike, abale ndi alongo. Ndati atamandike! Eya, tsopano ndamva kuti mulipo.

Moni abambo mfumu, moni atsogoleri a miphakati yonse, moni amayi anzanga. Ine ndine Agnesi Phiri, koma kwathu ku Chiparamba amandidziwa kuti amake Paulo. Ndine mlimi. Chimanga, nshawa, ndipo kale thonje pang'ono.

Amene akonza msonkhano uno woteteza moyo anabwera kunyumba nati, "Amake Paulo, mukanene mwachidule kuti munakana kuchotsa mimba ndipo Mulungu anakudalitsani." Mwachidule! Ndinavomera, koma ndikuuzirenitu. Zimenezo ndinena, ndipo ndinenanso zimene simunandipemphe. Mukatopa mupirire. Inenso ndinapirira.

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Ana asanu ndi awiri, womaliza ali giredi faifi. Mwana wanga woyamba anali atandipatsa kale mdzukulu. Nditaona miyezi ikudutsa osapita kumwezi, ndinati basi, ukalamba wafika, zikomo Ambuye, ndapuma. Koma mutu unkandipweteka ngati wina akukhomamo msomali. Mapazi kutupa mpaka nsapato kukana kulowa. Ndinapita kukiliniki. Nesi anandiyeza, anabwerezanso, kenaka nkuti, "Amayi, muli ndi pakati pa miyezi inayi. Ndipo bipi yanu yakwera moopsa."

Ndinaseka. Ndinati, "Mwana wanga, yang'ana bwino, ine ndine agogo." Iye sanaseke. Anandilembera kalata yoti ndipite kuchipatala chachikulu ku Chipata.

Kumeneko adokotala sanazungulire. Anati, "Mayi, sindikubisirani. Mimba iyi ingathe kukutengerani moyo. Zikafika potere lamulo limalola kuti tiichotse, ngati inu mwavomera. Mukafuna kuisunga tiyesetsa, koma khasu muliiwale, ndowa pamutu muiiwale, mankhwala tsiku lililonse, sikelo osaphonya. Pitani mukaganize."

Khasu ndiliiwale! Mu Januwale, abale anga. Udzu m'munda ukukula ngati wina akuuthira feteleza. Ana aakulu ali kumabanja kwawo, aang'ono ali kusukulu.

Ndinafika kunyumba nkuwauza abambo a Paulo. Anakanda m'mutu, nati, "Zili kwa iwe." Zili kwa ine! Ngati mimbayo ndinaitola panjira ya kudimba. Atanena choncho anatenga ng'ombe zawo, ulendo.

Sabata isanathe nkhani inali ponseponse. Sindidziwa amene anaifalitsa. Woyamba kufika anali achemwali anga aakulu, a Beatrice, amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, mumsika wa ku Chipata. Anatsika minibasi ali otenthedwa kale. Anati, "Iwe Agnesi, uli ndi nzeru? Ana asanu ndi awiri uwasiyira ndani? Ine? Dokotala wakuuza, ukufunanso mngelo atsike? Mawa tipite, azichotse izi, ubwerere kwa ana ako."

Wachiwiri anali amayi Zulu, atsogoleri a mphakati wathu. Amayi Zulu, muli pomwepo, musandiyang'ane choncho. Tinakambirana kale, munandilola. Anabwera ndi amayi khumi, korona m'manja. Anati, "Amake Paulo, tamva zimene madokotala akukunyengani nazo. Kuchotsa mimba ndi kupha. Mukatero mudzayankha chiyani pamaso pa Mulungu?" Anapemphera. Anayimba. Ine ndi mapazi otupawo ndinadzuka kukawaotchera mondokwa, chifukwa alendo sabwerera pakamwa pouma. Anadya, anatsanzika, anapita. Ndowa zinali gwa pakhonde, zopanda madzi. Palibe anaziona.

Lamulungu lotsatira awiriwa anakumana pabwalo langa. Mayo ine! Achemwali akuti, "Inu a tchalitchi mudzalera ana amasiye amenewa?" Amayi Zulu akuti, "Inu a m'tauni mwagulitsa chikhulupiriro pamodzi ndi salaula!" Uyu akuti lamulo la dziko, uyu akuti lamulo la Mulungu. Uyu akuloza mimba yanga, uyu akulozanso mimba yanga. Ine ndili pamphasa pakati pawo, maso akuchita mdima. Ola lathunthu. Palibe anandifunsa kuti, Agnesi, wamwa mankhwala? Wadya? Ukuopa? Ndinali kuopa, abale. Ndinkaopa kufa. Ndinkaopa kuchimwa. Ndipo ndinene zoona, ndinkaopanso pakamwa panu kuposa mmene ndinkaopera Mulungu.

Onse awiri ankandikonda, sindikana. Koma chikondi chawo chinathera m'mawu, ndipo nshawa zanga zinali kumira mu udzu.

Ndiye Lachiwiri m'mawa ndinatenga khasu. Inde, ndinadziwa zimene adokotala ananena. Koma tikanadya chiyani chaka chimenecho? Ndinapalira mzere umodzi, wachiwiri, wachitatu. Dzuwa litakwera ndinaona timoto tikuuluka m'maso. Makutu kulira. Ndinafuna kuitana, lilime kulemera. Ndinagwa chafufumimba pakati pa mizere, ndipo sindinadziwenso kanthu.

Tsopano ndikuuzeni za Velonika. Ambiri a inu mukumudziwa, ngakhale mumachita ngati simumudziwa. Nayenso anandilola kuti ndinene. Munda wake unachita malire ndi wathu. Zaka zapitazo mwamuna wake anapita ku Lusaka nkukwatira konko, kumusiya ndi ana atatu ndi mimba. Anamwa mankhwala a m'mudzi, mimba inachoka, iye anatsala pang'ono kufa. Mudzi wonse unadziwa. Kuyambira pamenepo tinamutcha wakupha. Ndati tinamutcha, chifukwa inenso ndinali momwemo. Pamaliro ena, tili kuphika, Velonika anagwira chipande kuti aomole nsima. Ine, ine amene ndaima pano, ndinamulanda chipandecho pamaso pa anthu, ndinati, "Manja ako asakhudze chakudya cha akhristu." Anapukuta manja pachitenje nachoka. Kutchalitchi analeka. Zaka zisanu ndi chimodzi tikulima moyandikana, moni sindinamupatsepo.

Ameneyo ndiye anandiona ndikugwa. Ameneyo ndiye anataya khasu lake, anandigoneka cham'mbali, anandibereka kumsana ngati mwana mpaka kumsewu, ine mayi wolemera chonchi. Anaimitsa galimoto ya wogula mbewu poimirira pakati pa msewu, manja m'mwamba. Ndinatsitsimuka ndili pabedi ku Chipata, madzi akulowa m'mkono, ndipo nkhope yoyamba kuiona inali yake, matope akadali m'miyendo.

Manyazi, abale. Manyazi aja sindidzawaiwala. Ndinatembenukira kukhoma. Iye anati, "Amake Paulo, imwani phala, mankhwala safuna m'mimba mopanda kanthu."

Adokotala anabweranso. Anati, "Mayi, mwaona? Nthawi yoganiza ikutha." Atachoka ndinamugwira Velonika dzanja. Ndinati, "Iwe unadutsamo. Ndiuze chochita."

Anapukusa mutu. Anati, "Ine sindikuuzani. Okuuzani muli nawo ambiri. Ine nthawi ija, ndisanachite zimene ndinachita, ndinakhala masiku atatu ana akugona ndi njala, palibe anagogoda pakhomo. Nditachita, mudzi wonse unali ndi pakamwa. Mwana uja ndimamulira mpaka lero, ndipo sindifuna munthu wondikumbutsa. Inu lankhulani ndi Mulungu wanu. Mukasankha kusunga mimbayi, munda wanu ndipalira ine. Mukasankha zina, ndikhala pompano mpaka mutuluke."

Masana amenewo ndinapemphera, koma silinali pemphero lokongola ayi. Ndinakangana naye Mulungu. Ndinati, "Inu Atate, mwandipatsa mwana paukalamba ngati Sara. Koma Sara anali ndi antchito! Ine ndili ndi ndani? Mwamuna woti zili kwa iwe? Mukufuna ndife? Mukufuna ndiphe? Nenani!" Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Chimene ndinamva ndi kamwana kakugunda m'mimba, kamodzi, kawiri. Ndinalira. Ndinadziwa kuti mtima wanga sungalole. Osati chifukwa cha amayi Zulu. Osati kuti ndiwaonetse achemwali. Ndinaona kuti moyo uwu mwini wake alipo, wanga ndi wa kamwanako, ndipo ndinamuopa Iyeyo. Kanali koyamba kumuopa Iye yekha, osayang'ana kuti anthu anena chiyani.

Ndinawauza adokotala. Anati, "Chabwino. Koma mumvere, ndipo tsiku limene tidzanene kuti mwana atuluke, musadzatsutse." Ndinavomera.

Velonika anasunga mawu ake. M'mawa kumunda kwathu, masana kumunda kwake. Tsiku lachitatu abambo a Paulo anamupeza ali yekha m'mizere yawo. Akuti anaima nthawi yaitali. Velonika anawauza kuti, "Bambo, khasu lina lili apo." Anatola. Kuyambira tsiku limenelo bambo aja anasintha. Anatunga madzi panjinga, anaphika, ngakhale ndiwo zake zinali mchere wokhawokha. Tsiku lina anakhala pambali panga nati, "Amake Paulo, mawu aja ndinalakwa. Ndinali ndi mantha." Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, ndinali ndisanamvepo bambo ameneyu akuti ndinalakwa.

Pa miyezi isanu ndi iwiri bipi inakweranso. Anandichita opaleshoni. Kamwana kanatuluka kakang'ono, kokwana m'manja awiri, kulira kwake ngati kamphaka. Ine masiku anayi sindinathe ngakhale kukhala tsonga. Anesi anati mwana wotere amafuna kufungatiridwa pachifuwa cha munthu, khungu ndi khungu, kuti atenthedwe. Mukudziwa chifuwa chimene chinamufungatira mwana wanga? Cha Velonika. Manja omwe aja ndinawalanda chipande.

Achemwali anga anabwera ndi tizovala ta mwana todzaza chikwama, anasankha tabwino kwambiri pa katundu wawo. Analira, anati, "Ndinkaopa kukuika m'manda, mng'ono wanga." Ndinawamvetsa. Amayi Zulu anabweranso ndi mphakati, ulendo uno ndi nkhuni ndi ufa. Mulungu awadalitse.

Koma itafika nthawi ya ubatizo, nkhondo inayambanso. Ndinati mayi wa ubatizo wa mwanayu ndi Velonika. Ha! Mphakati unagwedezeka. "Munthu wotere?" "Mwana adzaphunzira chiyani?" Ndinatopa, abale. Ndinati, "Munthu wotani? Pamene ndinagwa m'munda munali kuti? Mumati mwana ali m'mimba ndi wa mtengo wapatali, zoona, ndikuvomera. Nanga mayi womunyamulayo ndi thumba chabe?" Ndinapita ndekha kwa abambo mfumu. Anamvetsera zonse, nati, "Muuzeni abwere, chitseko cha kulapa sichinatsekedwepo." Velonika anapita. Anatuluka maso ali ofiira. Ine ndinalowa pambuyo pake, chifukwa tchimo la chipande lija ndinali ndisanalilapepo. Sindinkaliwerenga nkomwe ngati tchimo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Nkhani yangayi musaitenge ngati chikwapu chokakwapulira wina. M'chipinda chimene ndinagona kuchipatala munali mayi wina wa ku Chipangali, matenda ake ngati anga, wopemphera kuposa ine. Iye sanatuluke. Sindidziwa chifukwa chake Mulungu anandisiya ine namutenga iye. Sindine wolungama kumuposa. Ndiye mukamva kuti mayi kapena mtsikana wayima pamalo pamene ndinayima ine, musathamange ndi pakamwa pokha. Tatopa nazo. Yambani mwafunsa ngati wadya.

Lero mwana uja ali ndi zaka zitatu. Dzina lake ndi Tiyamike. Anachedwa kuyenda, ndipo nyengo yozizira chifuwa chimamuvuta, koma pakamwa ndiye ayi, amalankhula kuposa amake. Ine mankhwala a bipi ndimamwa tsiku lililonse, ndipo adokotala akuti ndi mpaka kalekale. Khasu ndimagwira pang'ono, m'mawa mokha. Minda yathu iwiri ija timalima pamodzi, thonje tinasiya, nshawa timagawana. Sitinalemere. Tikudya.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga mwana wanga. Ndikuthokoza madokotala ndi anesi amene anandiuza zoona osandikakamiza. Ndikuthokoza abambo a Paulo, ali kumbuyo uko, akuchita manyazi. Ndipo ndikuthokoza Mulungu chifukwa ponditumizira thandizo sanabwere kudzandifunsa kuti atume ndani, pakuti ndikanakana.

Velonika wabwera lero. Pa Misa ya m'mawa amalowa, amakhala kumapeto. Koma atamva mutu wa msonkhano uno, anafika pakhomo paja nati sangalowe. Ali panja, pansi pa mtengo wa mango, ndi Tiyamike pamwendo. Ine ndatha. Ndikupita kukamutenga, ndipo tikhala pabenchi ili kutsogolo. Amayi anzanga, tasunthani.

Ambuye atamandike.