Mwana wanga ankafa ndi njala firiji ili yodzaza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine mayi a Tadala, ndimasamalira okalamba kuno kunja, ku Blanchardstown. Ndikulemba mtima ukuwawabe, chifukwa mwana wanga wamkazi anatsala pang'ono kundisiya.

Landilodi atagulitsa nyumba, tinavutika mpaka tinapeza kachipinda kamodzi m'nyumba ya anthu ambiri ku Balbriggan. Tadala analibe kosewera, ankangokhala pa foni kuonera atsikana oimba a ku Korea, miyendo ngati bango. Tsiku lina titatuluka mu Misa, mayi wina anamutsina tsaya pagulu, amvekere, "Iwe, ukudya ndi za anzako zomwe? Taona thupili!" Anthu akuluakulu anaseka. Mwana wa sukulu, kumuseka pakhomo la tchalitchi!

Kuyambira pamenepo chakudya ankangochitosatosa. Ankaima pagalasi, nthiti zili pamtunda, n'kumati ndi wonenepa. Omwe anamuseka aja anayamba kumuyamikira kuti wakongola. Kuchipatala anangotilemba pamndandanda wa odikira. Ine ndinakalipira Mulungu ndili m'basi: kodi munandipatsa mwanayu kuti ndidzamuike m'manda kuno?

Thandizo linachokera m'chipinda choyandikana nafe. Munkakhala Jiyeon, mtsikana wa ku Korea wophunzira Chingerezi, yemwe tinkangopatsana naye moni. Bafa linali limodzi, ndiye iye ankamva zimene ine sindinkadziwa ndili kuntchito: Tadala akadya ankadzisanzitsa. Masana ena Jiyeon anagogoda, n'kuonetsa Tadala mano ake odyeka chifukwa chosanza. Anati iye anayamba zomwezo ali ku sekondale kwawo, anzake akupikisana kuswera atadya apulo limodzi lokha, mpaka anakomoka m'kalasi tsitsi likusosoka.

"Thupi ukulifunalo ine ndinalipeza," anatero, "koma pagalasi ndinkadzionabe wonenepa."

Tadala analira kwambiri. M'mawa mwake tinapita atatu kwa dokotala, ndipo kwa nthawi yoyamba mwana ananena zoona zonse. Atamupima mtima anamugoneka tsiku lomwelo.

Panopa akuchira, masiku ena movutikira. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandikane ngakhale ndinamulankhula mokalipa. Inu amene mwana wanu wayamba kuopa mbale, musamve zoti ndi matama chabe. Awa ndi matenda. Musatope kubwerera kuchipatala, ndipo pempherani ngakhale mutakwiya.

Dzulo Tadala wapempha yekha kuti ndimuwonjezere mpunga. Ndamugawira, kenako ndatuluka panja kukalira kuti asandione.