Kababu Kachikasu

Mwezi womwe kampani inalengeza kuti ichepetsa antchito, a Mizeremizere sankatekeseka, pakuti palibe wolemba mapulogalamu a pakompyuta amene ankawaposa kuchuluka kwa mizere yolembedwa. Tsoka lake, bwana anatuma mlamu wa a Mizeremizere, mayi wochita zinthu ndendende monga wauzidwira, kuti ayendere ntchito ya aliyense.

“Alamu, kababu kachikasu kaoneka pakompyuta aka kakuti timawu mwaika pamwamba pa mzerewu n'tosafunika,” anatero mayiyo, chala chili pa mausi ya kompyuta. “Kakuti ndidine, tichoke.”

“Kababu kanayamba liti ntchito pano?”

“Sikanalembe tsiku.”

“Ine ndatha zaka zisanu ndi zinayi. Timawuto timauza kompyuta kuti iyi ndi nambala.”

“Kakuti kompyuta ikudziwa kale.”

“Ndiye kukumbutsa n'kulakwa? Inu achimwene simuwakumbutsa kuti ndinu mkazi wawo?”

“Ayi, amadziwa.” Anadina, kenaka anadinanso. “Ii, kakuti kangathe kuchotsa tonse kamodzi.”

Atadinanso, a Mizeremizere anadzuka, mpando n'kugubuduka. Mizere zikwi zinayi inali itasanduka mazana atatu, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti pulogalamuyo inkayendabe bwinobwino.

“Mwandivula pagulu, alamu. Bwezerani.”

“Koma kababu kakuti...”

“Kababu kali ndi ana kusukulu? Bwezerani zonse, mutumize kwa bwana momwe zinalili. Kamawu kalikonse ndinalemba ndine, ndi manja awa, popanda wondithandiza.”

“Popanda wondithandiza,” anabwereza mayiyo, akulemba pakapepala. Anabwezera, n'kutumiza.

Mkuluyo anadzutsa mpando, nakhala mopuma ngati wawoloka mtsinje. “Nanga mukulembazo n'chiyani?”

“Bwana anati zowerenga mizere zinatha. Akufuna dzina la amene anadzaza zosafunika, ayambire pa iyeyo.”

A Mizeremizere anasendeza mpando. Anasuzumira pakompyuta ngati akuiona koyamba.

“Timawu titi? Alamu, ine ndinatipeza tili chomwechi. Ndakhala ndikudandaula nato zaka zonsezi. Dinani kababuko, kali ndi nzeru kamwana aka.”

“Ndatumiza kale, monga munanenera.”

“Ndiye mumangomvera zilizonse? Muli ndi pakamwa, bwanji osandiletsa?”

Mayiyo anapinda kapepala kaja mosamala, n'kuimirira.

“Ndikanakuuzani, alamu. Koma poona zaka zisanu ndi zinayi zija, ndinati awa akudziwa kale, kuwakumbutsa n'kosafunika.”