Mbozi za Achemwali

Abale ndi alongo, achemwali athu amene agona patsogolo pathuwa anabadwa pa 9 Ogasiti 1962, ali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine wowerenga mbiriyi ndine mlongo wawo wotsiriza, amene anandilera pamsana, ndiye mawu akandithawa mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1969. Mutu unalipo, koma analekezera Fomu 2 bambo athu atatisiya. Mu 1983 anapeza ntchito yophika pachipatala, kuwodi ya ana onyentchera, ndipo anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Kumeneko ankaona mwana akuchira n'kutuluka, pakatha miyezi itatu n'kubweranso miyendo itatupa, chifukwa kunyumba nyama, mkaka ndi mazira kunalibe. Nkhani imeneyi inkawadya mumtima.

Pa 20 Disembala 1986 anamanga banja ndi alamu athu akalipentala, akhala apowa, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi.

Atapuma pantchito mu 2011, ife tinkati aweta nkhuku ngati anzawo. Ayi ndithu, anabwera ndi kachitini ka mbozi zodyedwa zimene anapatsidwa kumaphunziro a zakudya. Chipinda cha alendo chinatha pomwepo. Alamu anakhoma mashelefu, mabeseni a gaga n'kundanda mpaka kudenga. Mbozi zikakhwima ankazisefa, kuzigoneka ndi njala tsiku lathunthu kuti m'mimba muyere, kuzifutsa m'madzi owira, kuziumitsa mu uvuni mpaka zitati gwa, kenako n'kuzipera. Ufawo ndi umene ankathira m'phala la ana kuti matupi amangike.

Anthu anawaseka, ndipo tisaname pamaliro, otsogolera kuseka tinali ife apabanja. Dzina loti Mayi a Mbozi linachokera m'kamwa mwathu. Tiyi wa kunyumba kwawo tinkayamba tamusuzumira tisanamwe. Iwo osakwiya, dzinalo anangolitenga n'kumalilemba pamapaketi. Pofika 2016, sukulu ya mkaka ya ana makumi anayi inkalandira ufawo Lolemba lililonse. Ena mwa anawo ndi awo aima kumbuyoko atavala yunifolomu.

Alamu akazi awo ankawakonda, koma mbozi ayi. Akangoona kanthu kakuyendayenda m'beseni, thupi lonse tsemwe. Zaka khumi ndi zitatu sanapondemo m'chipindamo. Shelefu ikagwedera, ankapereka hamala ataima pakhomo.

Mu Febuluwale 2024 achemwali anayamba kudandaula mtima, ndipo pa 3 Meyi anagonekedwa m'chipatala. Aliyense wokawazonda ankamufunsa za mbozi asanamufunse za ana. Zotsatirazi alamu andiuza okha kuti ndinene. Ataona nkhawa ya akazi awo, analimba mtima n'kulowa kuti akathire gaga. M'mabeseni apamwamba anapeza muli yakaliyakali tizikumbu takuda. Mmisiri wa matabwa akaona kachikumbu amaona mdani. Anati tizilombo talowerera ndipo tikudya mbozi za mayi. Anathamangira kusitolo, anagula mankhwala opopera, anatseka mawindo n'kupopera chipinda chonse. Sankadziwa kuti tizikumbuto ndi makolo a mbozizo, amene amaikira mazira. Kutacha, munalibe chamoyo. Mbewu imene achemwali anaisunga kuyambira pa kachitini kaja inathera tsiku limodzi, ndipo ufa wa ana unaima.

Masabata atatu alamu ankayankha kuti zonse zili bwino, maso ali pansi. Anaonda kuposa wodwala. Tsiku lina achemwali anawauza kuti zaka zonsezi sanawanamizepo, ndiye asayambire kuchipatala. Alamu anagwada pambali pa bedi n'kuulula, misozi ili chuchuchu.  Kenako achemwali anafunsa ngati pamwamba pa kabati ya zovala kuchipinda chogona panasesedwa. Alamu anati ayi. Achemwali anati ankadziwa, chifukwa munthu amene sasesa pansi sangakasese kumwamba. Pamenepo panali beseni la gaga wa mazira, limene analiika asanapite kuchipatala chifukwa pafupi ndi malata pamafunda.

Alamu anakwera pampando, anatsitsa besenilo n'kulitengera pawindo. Munali timbozi tating'ono ngati tiulusi, tamoyo. Pa 27 Meyi anatapa ndi manja awo, manja omwe aja a tsemwe, n'kuika m'chitini. Anachibisa m'jekete, n'kudutsa nacho pachipata cha chipatala. Achemwali anapempha magalasi awo, anayang'ana m'chitinimo, anagwedeza pang'ono, ndipo anati, "Zaonda izi, bambo. Muziwonjezera makoko a mbatata." Atatero anawagwira dzanja alamu osalisiya mpaka nthawi yoona odwala itatha.

Pa 30 Meyi 2024, m'mawa, anatsikira kuli chete ali ndi zaka 61. Zatipweteka kwambiri, ndipo ine ndikumva chisoni kuti sindinawapepese pa kuseka kwanga kuja.

Asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ife abale awo atatu otsala. Apabanja tikuthokoza madokotala ndi anamwino, ngakhalenso anamwino aja anachiona chitini n'kuyang'ana kumbali. Tikuthokoza aphunzitsi a kusukulu ya mkaka, amayi amene aphika masiku awiri, okumba manda, ndi nonse mwabwera kudzalira nafe.

Alamu apempha zinthu ziwiri. Aphunzitsi apirire mpaka mbewu ichuluke, ufa udzayambanso kubwera. Ndipo tikachoka kumanda, musadabwe mukaona anamfedwa akudzuka pamphasa n'kulowa m'chipinda cha alendo. Musawatsatire kuti mukawatonthoze, akupita kuntchito.

Achemwali, gonani mumtendere, Ambuye akulandireni. Mukadafunsa, tikadakuyankhani maso ali m'mwamba kuti mbozi zanu zadya m'mawa uno.