Dikishonale ya Timadontho

Aphunzitsi opuma ntchito, amene mphuno inali m'mwamba chifukwa chomaliza timabokosi ta mawu opingasa ta m'nyuzipepala Loweruka lililonse, anali atalembetsa mpikisano wa timabokosito wa 12 koloko masana tsikulo, ndipo aliyense amaloledwa kulowa ndi dikishonale imodzi yokha. Patebulo panali ziwiri: yatsopano yonenepa, ndi yakale yothothoka chikuto, akazi awo atayima pambali ndi simbi.

"Ndikutenga yakaleyi, basi!"

"Yatsopanoyo ili ndi mawu ambiri, bambo."

"Mawu ambiri, nzeru palibe. Yakaleyi imandilankhula."

Mayi anaiyika kukhutu. "Ine sindikumva kanthu."

"Aaa, inunso! Ndikutanthauza kuti imandilozera yankho."

"Ndi chiyani? Ilibe chala."

Bambo anatsegula tsamba, akumwetulira mpaka m'makutu. "Onani apa. Funso likakhala lozemba, loti mutu uzungulire, ndimangovundukula masamba. Mawu amene ali ndi kadontho pambali, ndi omwewo! Zilembo zimakwana ndendende m'timabokosi. Zaka zisanu ndi zinayi, sinandinamizepo."

"Eya, timadontho ta pensulo."

"Ta osindikiza, mayi! Akatswiri akale amenewo, osati a masiku anowa." Anaigwedeza yatsopano ija chozondotsa. "Iyi taonani. Mbee! Ngakhale kadontho kamodzi."

"Simunandiuze kuti mukufuna ndiyambenso imeneyo."

"Muyambe chiyani?"

"Kudonthezako."

Simbi inatsala pang'ono kuwotcha kolala. Bambo anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mukuti bwanji?"

"Nyuzipepala ikabwera inu mumakhala mukusamba. Mumachedwatu, ndi nyimbo zanu zija. Ndiye ndimayankha mumtima, n'kuika timadontho, kenako n'kukusitirani malaya."

"Mafunso onse aja? Pa nthawi yosamba?"

"Mukapanda kuimba vesi lachitatu, ena amatsala."

"Ndiye Loweruka lija ndinalephera mawu atatu..."

"Madzi anali ozizira. Munatuluka msanga."

"Mayo ine! Bwanji osandiuza?"

"Simunafunse. Ndimayesa ndi ntchito ya pakhomo, ngati kusoka mabatani."

Bambo anagwira mutu. Kuholo ya mpikisanoyo kukakhala alamu awo, munthu amene Bambowo anakhala akumuseka zaka zonsezi kuti sadziwa kuwerenga. Manyazi ake anali oti munthu n'kusamuka mumzinda.

"Chabwino! Donthezani msanga za lerozi!"

"Mafunso ake ali kuti?"

"Akatipatsa komweko."

"Ndiye ndidontheze pati?"

"Paliponse pamene mukuona kuti... iii, ndafa ine!"

"Simunafe, mukutuluka thukuta. Mutenga iti? Nthawi yatha."

Bambo anayang'ana yakale. Anayang'ana yatsopano. Kenako anaimirira, n'kuzimitsa okha simbi, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire.

"Anati dikishonale imodzi, eti?"

"Imodzi yokha."

"Sananene kuti ikhale ya mapepala. Valani nsapato, mayi, tizipita."

Mayi anapinda malaya bwinobwino, natenga pensulo yawo.

"Ndinalembetsa kale Lachiwiri, bambo. Inuyo muzingondinyamulira yatsopanoyo, ndi yolemera."