Masiwiti Atatu a Asia

Podikira basi ya UTM pa siteji ya ku Ndirande, mayi wina ankaika masiwiti atatu m'thumba la yunifomu ya mwana wake, Asia. Gogo wa dengu la tomato, amene anali atamva kuti awiriwa akupita ku kiliniki ya shuga ku Gulupu, adalephera kuugwira mtima.

"Mwana wanga, wodwala shuga n'kumamupatsanso masiwiti? Mwatopa naye?"

"Nanenso ndinkatero, amayi. Asia akabwera nawo kuchokera kuchipatala ndinkamulanda, n'kumukalipiranso. Tsiku lina atabaya jakisoni osadya, adakomoka pa asembule kusukulu, m'thumba mulibe kanthu."

"Ndiye adati chiyani achipatala?"

"A sisitere adatikhazika benchi limodzi ngati ana a Sitandade Wani. Akuti jakisoniyo nthawi zina amatsitsa shuga mopitirira. Akayamba thukuta ndi kunjenjemera, siwiti ndiye mankhwala."

"Nanga wobaya ndani?"

"Tikuphunzirira kubaya pa lalanje tonse awiri. Iyeyu adatha kale, ine dzanja limakanabe."

"Musiyireni mwini wake, nanga si akutha."

"Akadzagona ndi malungo adzamubaya ndani? Malalanje akwana, amayi. Lero ndikabaya ntchafu yeniyeni a sisitere akuona, dzanja lifune lisafune."