Mwana wosalira kumapeto kwa mzere

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine mayi wa ku Lupembe, m'boma la Karonga.

Kale, nthawi ya chipani chimodzi, ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono ndi mwana wanga wamkazi atatentha thupi. Mzere unali wautali, ndipo ndinakhala kumapeto. Kwathu kuno kudutsa akuluakulu pamzere n'chipongwe. Komanso mwanayo anali atasiya kulira, ine n'kumati wayamba kupeza bwino.

Namwino wina wochokera m'chigawo chapakati ankayenda mumzeremo kuyang'ana ana. Atam'tsegula chikope wangayo anati, "Mayi, dzukani, lowani."

Anthu anayamba kung'ung'udza m'Chitumbuka kuti obwerawa ngokondera. Manyazi anandigwira. Ndinati, "Pepani anesi, ayambe agogowa, afika m'mamawa."

"Ana akulirawa andidikira," anatero namwinoyo. "Wangoti zii uyu ndiye sangadikire."

Anali malungo, magazi atachepa m'thupi. Ambulansi inali imodzi yokha, koma anakweza ife kupita kuboma komwe anakamuwonjezera magazi. Atatsegula maso n'kulira, mtima wanga unakhala pansi.

Anzanga, wina akakudutsani pamzere wa kuchipatala musafulumire kunyoza. Ulemu wanga ukanandiphetsa mwana, yemweyu amene wandilembera nkhaniyi lero.