Pulogalamu Yobisala m'Chiswahili

Podikira sitima padoko la Mbamba Bay ku Tanzania, bambo wina wochokera ku Malawi ankalimbana ndi laputopu, mayi woyandikana naye akusuzumira.

"Bwanji achimwene, yafa?"

"Ayi achemwali. Fundi wa ku Mbinga atangoikonza, pulogalamu ya khadi ya zithunzi, yosinthira mitundu ija, inasowa. Vidiyo ya ukwati ndikukaipereka mawa, koma mkwatibwi akuoneka wobiriwira."

"Dinani batani lakumanja. Eya. Tsopano apo palembedwa 'chaguo zaidi'."

"Apo ayi! Si zachisankho zimenezo? Ine ndine mlendo, ndale za kuno sindizikhudza."

"Chisankho ndi 'uchaguzi'! Apa akungoti pali zinanso. Fundi anangokuikirani Chiswahili. Dinani."

"Iii, si iyi! Masiku atatu mwana wa eni ali ngati tsamba la chinangwa, ine ndikuopa apolisi!"